Bwalo la Mafunso a Zamakompyuta: Kuyesa Sisitimu Yatsopano pa Fulashi ndi Disiki Yakunja

FUNSO: Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Balaka, ndipo ndili ndi laputopu ya HP yomwe ndidaigula itagwirako kale ntchito kwa munthu wina. Imayendera Windows 10, koma nditafuna kuikamo Windows 11 idakana, n'kulemba kuti siikukwanira. Mwana wa mchemwali wanga amene ali ku yunivesite akundilimbikitsa kuti ndiyese Linux Mint, koma mtima wanga sukukhazikika chifukwa m'laputopumo muli malikisi a ophunzira, ndondomeko zanga za maphunziro za zaka zingapo komanso zithunzi za banja. Kodi pali njira yoti ndiyesere sisitimu yatsopanoyi pa fulashi kapena pa disiki yakunja popanda kuononga zomwe zili mkati? Mphunzitsi, Balaka.

YANKHO: Aphunzitsi, njirayo ilipo, ndipo mwachita bwino kufunsa musanakhudze kalikonse. Laputopu yanu siili yokha m'vutoli. Kampani ya Microsoft idasiya kutumiza zokonza zachitetezo za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa okhawo amene adalembetsa ndondomeko yowonjezera, yomwe kwa anthu wamba ndi yofika pa 13 Okutobala 2026, pomwe Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso pulosesa yatsopanoko, yomwe kwa Intel ndi kuyambira m'badwo wa 8, umene udayamba kutuluka mu 2017. Malaputopu ambiri amene timagula atagwira kale ntchito kunja ndi akale kuposa pamenepa, ngakhale kuti akadali ndi mphamvu zogwira ntchito zaka zina zambiri. Linux Mint, yomwe idamangidwa pa maziko a sisitimu ina ya Linux yotchedwa Ubuntu, imayenda bwino pa makina otere. Ubuntu ndi ija idayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lake ndi lomwe lija ife timati umunthu.

Pali njira ziwiri zoyesera zomwe anthu amazisokoneza, ndipo ngozi zambiri zimachokera pa kusokoneza kumeneku. Yoyamba ndi kuyatsa kompyuta kuchokera pa fulashi popanda kuika chilichonse. Sisitimu yatsopanoyo imawerengedwa pa fulashiyo n'kumagwira ntchito mu RAM, yomwe ndi malo a kanthawi omwe kompyuta imasungamo zomwe ikugwira ikakhala yoyaka, ndipo mukathimitsa kompyuta imaiwala zonse zomwe munachita, Windows yanu n'kudzukanso monga mwa masiku onse. Yachiwiri ndi kuika sisitimuyo mokhazikika pa disiki yakunja, kuti izisunga mafayilo ndi mapulogalamu anu ngati kompyuta ina iliyonse. Njira yoyambayo ilibe ngozi yeniyeni mukatsatira zomwe ndifotokoze. Yachiwiriyo imafuna kuti mutsegule pulogalamu yoikira sisitimu, yomwe ili ndi mphamvu yofufuta disiki yonse pa mphindi zochepa, ndipo siidziwa kuti pa disiki yakuti pali malikisi a ana. Langizo langa ndi loti muyambe ndi yoyambayo, mukhale nayo masabata angapo, ndipo yachiwiriyo muiganizire pokhapokha mutaona kuti sisitimuyo yakukomerani.

Musanachite china chilichonse, koperani mafayilo anu onse ofunika pa chipangizo china, ndipo mutsegule angapo mwa iwo kumene mwawakoperako kuti mutsimikize kuti akutseguka. Chipangizo chimenechi chisakhale fulashi yomwe mudzagwiritse ntchito poyesa, chifukwa iyo idzafufutidwa yonse. Mukatha kukopera, chichotseni pa laputopu n'kuchiika mu dirowa. Onaninso ngati disiki yanu ndi yokhomedwa ndi BitLocker, loko ya Windows yomwe imabisa zonse za pa disiki kwa amene alibe kiyi. Makompyuta ena amabwera itayatsidwa kale mwini wake osadziwa, ndipo Windows ikaona kuti china chasintha pa kayakidwe ka kompyuta imatha kukana kutseguka mpaka mutalemba kiyi ya manambala 48. Kiyi imeneyi nthawi zambiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya amene adayamba kugwiritsa ntchito kompyutayo, ndipo popeza yanu idadutsa m'manja mwa munthu wina, ipezeni panopa Windows ikadali yotseguka, muilembe papepala n'kuisunga kunyumba. Ikasoweka pa tsiku lomwe yafunika, ngakhale katswiri sangakutsegulireni disikiyo.

Fayilo ya sisitimuyo, yomwe imathera ndi zilembo za ISO, itengeni pa webusaiti ya eni ake ya linuxmint.com. Kukula kwake ndi pafupifupi 3 GB, pomwe ya Ubuntu 24.04 imafika pafupifupi 6 GB, choncho bandulo yanu ikonzekere. Ngati mwana wa mchemwali wanuyo ali nayo kale, palibe cholakwika kukopera kwa iye, bola mutsimikize kuti ndi yeniyeni komanso yathunthu. Eni ake amalemba pa webusaiti yawo mzere wautali wa zilembo ndi manambala wotchedwa SHA256, womwe uli ngati chidindo cha chala cha fayiloyo. Mu Windows mumatsegula Command Prompt, kawindo kolembamo malamulo a kompyuta, n'kulemba certutil -hashfile, kenaka dzina la fayilo, kenaka SHA256, ndipo mzere womwe utuluke uyenera kufanana ndendende ndi wa pa webusaitiwo. Ukasiyana ngakhale pa chilembo chimodzi, fayiloyo idaduka potsitsa kapena wina adaisintha, ndipo musaigwiritse ntchito.

Fulashi ya 8 GB ndi yokwanira, koma ikhale yoona. M'misika mumapezeka mafulashi olembedwa 64 GB kapena kuposa apo pamtengo wotsika modabwitsa, amene mkati mwake malo ndi ochepa kwambiri, ndipo amanamiza kompyuta mpaka mafayilo atayamba kuonongeka mwakachetechete. Pulogalamu yaulere yotchedwa H2testw imadzaza fulashi yonse n'kuwerenganso zomwe yalemba, n'kukuuzani kukula kwake kwenikweni. Imatenga nthawi, koma ndaona anthu akuida Linux ponena kuti imangozima, pamene wolakwa adali fulashi yabodza.

Polemba fayiloyo pa fulashi gwiritsani ntchito Rufus kapena balenaEtcher, zomwe ndi zaulere zonse. Kungokopera fayilo ya ISO pa fulashi ngati chithunzi sikuthandiza, pokhapokha mutayamba mwaikapo pulogalamu ina yotchedwa Ventoy, yomwe ubwino wake ndi woti fulashi imodzi imatha kunyamula masisitimu angapo kuti muwayerekeze. Polemba, chotsani zipangizo zina zonse za USB kuti pamndandanda paoneke fulashi imodzi yokha. Mukatha, thimitsani laputopu, iyatseninso fulashi ili momwemo, ndipo ikangoyamba kuyaka dinani batani la Esc kenaka F9, lomwe pa HP limatsegula mndandanda wa zipangizo zoyakira. Pa Dell ndi pa Lenovo zambiri batani lake ndi F12. Mndandanda umenewu umagwira ntchito ulendo umodzi wokha, ndipo n'chifukwa chake ndimaukonda kuposa kulowa mu BIOS, pulogalamu ya mkati yomwe imadzutsa kompyuta sisitimu isanayambe, n'kusintha dongosolo lonse la kayakidwe. Secure Boot, chitetezo cha mu BIOS choletsa kompyuta kuyaka ndi sisitimu yosavomerezeka, muisiye momwe iliri, chifukwa Ubuntu ndi Linux Mint za masiku ano zimayaka iyo ili yoyatsa, ndipo kuithimitsa ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimadzutsa BitLocker ija. Mukakumana ndi malangizo oti musinthe mu BIOS kagwiridwe ka disiki kuchoka pa RST kapena RAID kupita pa AHCI, musatsatire, popeza Windows imatha kukana kuyaka pambuyo pa kusintha kotere.

Linux Mint ikatseguka, muona pa sikirini kachithunzi kolembedwa Install Linux Mint. Kameneko musakadine. Zina zonse yesani momasuka, ndipo yesani zomwe mumagwiritsadi ntchito pa sukulu, osati kungosirira maonekedwe. Onani ngati Wi-Fi ikugwira, ngati mawu akutuluka, ngati kamera ikuoneka, ngati pulinta ya ku ofesi ikusindikiza komanso ngati pulojekita ikulandira chithunzi. Wi-Fi ikakana, zomwe zimachitika pa malaputopu ena okhala ndi kachipangizo ka Broadcom, lumikizani foni ya Android ndi chingwe n'kuyatsa USB tethering, ndipo intaneti ibwera popanda kufuna dalaiva, kapulogalamu koyendetsa kachipangizoko. Chachikulu kwa inu ndi zikalata. Microsoft Word ndi Excel za pa kompyuta sizigwira pa Linux, ndipo m'malo mwake muli LibreOffice, yomwe imatsegula mafayilo omwewo koma nthawi zina imasuntha matebulo ndi mizere. Koperani mafayilo angapo a malikisi pa fulashi ina, muwatsegule mu LibreOffice, muone ngati masamu ake akutuluka bwino. Disiki ya mkati idzaoneka pamndandanda wa mafayilo, koma musalembemo kanthu. Windows 10 ili ndi kachitidwe kotchedwa Fast Startup, komwe pothimitsa sikatseka disiki kotheratu, ndipo kulemba pa disiki yomwe ili choncho kungaononge mafayilo.

Musaweruze liwiro la sisitimuyo potengera mmene ikuyendera pa fulashi. Bowo la USB 2.0 silipitirira 480 Mbit pa sekondi, pomwe la USB 3.0, lomwe nthawi zambiri limakhala la buluu mkati, limafika 5 Gbit pa sekondi, ndiponso mafulashi wamba ndi ochedwa polemba ngakhale mutawaika pa bowo labwino. Ngati mukufuna kuti isamaiwale pasiwedi ya Wi-Fi ndi zina zomwe mwasintha, Rufus ili ndi malo olembedwa Persistent partition size pomwe mungapatule gawo la fulashi losungira zimenezo. Zimathandiza kwa masabata ochepa, koma fulashi siidapangidwe kuti izilembedwa kosalekeza tsiku lonse, ndipo imatha msanga ikagwiritsidwa ntchito motere.

Mukafika poganiza zoika sisitimuyo mokhazikika, pafunika zipangizo ziwiri: fulashi ija yoyambira, ndi disiki yakunja yoikapo, makamaka ya mtundu wothamanga wotchedwa SSD, ya 120 GB kapena kuposa apo yoikidwa m'kabokosi ka USB 3.0. Apa ndi pomwe ndimapempha aliyense kuti adekhe. Chitetezo chodalirika kuposa zonse ndi kuchotsa disiki ya mkati musanayambe, kuti pulogalamu yoikirayo isaione n'komwe. Pa malaputopu ambiri akale ntchitoyi ndi yomasula tizomangira tingapo pansi pake, ndipo amisiri okonza makompyuta amaichita mphindi zochepa. Laputopu ikhale yothima, chaja itachotsedwa, ndipo ngati batire imachoka nayonso ichoke. Disiki ya mkati ikakhala pa tebulo, ngakhale mutadina Erase disk and install, chomwe chingafufutike ndi disiki yakunja yokha. Ngati siingachotsedwe, muyenera kuzindikira bwino mayina a madisiki, chifukwa Linux siitchula C kapena D, koma sda, sdb kapena nvme0n1, ndipo sda siikhala ya mkati nthawi zonse. Izindikireni potengera kukula kwake ndi dzina la kampani yomwe idaipanga, ndipo mukakayikira ngakhale pang'ono, tulukani, chifukwa palibe chomwe chimalembedwa musanavomereze komaliza. Poika sisitimuyo batire ikhale ili m'malo mwake komanso yodzaza, popeza magetsi akathima ntchito ili pakati mudzayambanso pachiyambi. Pali msampha winanso pa njira imeneyi, ndipo funso lotsatirali likuuonetsa bwino kuposa mmene ndikanaufotokozera ndekha.

FUNSO: Ndili ndi kashopu kosindikiza zikalata ku Lilongwe. Ndidaika Linux pa hard drive yakunja ndipo ndidasamala kwambiri posankha disiki. Hard drive ikakhala yolumikiza zonse zimayenda, koma ndikaichotsa kompyuta imangoonetsa sikirini yakuda yolembedwa grub, osafika ku Windows. Kodi Windows yanga yafufutika? Muli ntchito za makasitomala. Wowerenga, Lilongwe.

YANKHO: Achimwene, mtima ukhale m'malo, chifukwa mwa zomwe mwafotokozazi Windows yanu ndi ntchito za makasitomala zikadalipo. Chomwe chasokonezeka ndi khomo lolowera, osati nyumba. Makompyuta oyendera UEFI, yomwe ndi BIOS yamakono, ali ndi kachigawo kakang'ono pa disiki, kawirikawiri ka 100 MB kapena kuposerako pang'ono, kotchedwa EFI System Partition, komwe kumakhala timapulogalamu toyamba kudzuka kompyuta ikayaka. Ka Windows dzina lake ndi Windows Boot Manager, ndipo ka Linux kawirikawiri ndi GRUB. Chomwe chidachitika n'choti sisitimu yonse idapitadi pa hard drive yakunja monga mudasankhira, koma gawo loyamba la GRUB lidalembedwa m'kachigawo ka pa disiki ya mkati, ndipo kompyuta idauzidwa kuti iziyamba ndi iye. GRUB akadzuka amafunafuna mafayilo ake otsala pa hard drive ija, ndipo akaipeza palibe amangoima n'kumadikira kuti mumuuze chochita. Khalidwe limeneli ndi lodziwika kwa zaka zambiri mu pulogalamu yoikira yotchedwa Ubiquity, yomwe imakonda kugwiritsa ntchito kachigawo ka EFI koyamba komwe yakapeza ngakhale munthu atasankha kena, kotero musadziimbe mlandu kwambiri.

Kuti mulowe mu Windows lero lomwe, lembani mawu oti exit pa sikirini yakudayo n'kudina Enter, ndipo kawirikawiri kompyuta imapitirira ku chotsatira pamndandanda. Zikakanika, iyatseninso n'kudina batani lotsegula mndandanda wa zoyakira, musankhe Windows Boot Manager. Kuti vutoli lithe, lowani mu BIOS, mupeze pomwe pali dongosolo la kayakidwe, ndipo muike Windows Boot Manager pamwamba. Kuyambira pamenepo kompyuta iziyaka ndi Windows, ndipo Linux muziisankha nokha pamndandanda uja tsiku lomwe mwalumikiza hard drive. Foda ya GRUB yomwe yatsala m'kachigawo ka EFI ndi yaying'ono ndipo siiononga kanthu, choncho ndingakonde kuti muisiye. Anthu ambiri amene amafika kwa amisiri ndi kompyuta yosayaka n'komwe amakhala kuti adalowa m'kachigawo kameneka kukachotsa chomwe adati ndi zinyalala.

Dziwani komabe kuti hard drive yanuyo siingayake pa kompyuta ina momwe iliri, chifukwa khomo lake lidatsala pa kompyuta ya ku shopu. Ngati cholinga chidali choti muziyenda nayo, ikaninso sisitimuyo disiki ya mkati itachotsedwa, kuti kachigawo ka EFI kapangidwe pa hard drive pomwepo. Pa desiktopu n'zosavuta, chifukwa mumangozula chingwe cha SATA kompyuta ili yothima. Odziwa amagwiritsa ntchito pulogalamu yokonzera zigawo za disiki yotchedwa GParted pochotsa kwa kanthawi chizindikiro cha esp pa kachigawo ka mkati n'kuchibwezera akamaliza, koma pa kompyuta yomwe mumapezerapo chakudya sindikulimbikitsa, popeza mukaiwala kubwezera Windows siiyaka. Mawu amodzi kwa amene ali ndi makompyuta akale kwambiri oyendera BIOS yakale ndi MBR, kagawidwe kakale ka disiki: kumeneko pamalembedwa grub rescue, mndandanda wa zoyakira suthandiza, ndipo pamafunika fulashi yoikira Windows kuti mulowe mu Command Prompt n'kulemba bootrec /fixmbr.

FUNSO: Chiyambireni kuyesa Linux pa disiki yakunja, nthawi iliyonse ndikabwerera ku Windows wotchi imakhala itatsalira maola awiri. Kodi batire ya mkati yatha? Wophunzira, Zomba.

YANKHO: Batireyo ndi yabwino. Kompyuta ili ndi wotchi imodzi ya mkati yomwe masisitimu onse awiri amawerenga. Linux imaiika pa nthawi ya dziko lonse ya UTC n'kumawonjezera payokha maola a dera lanu, pomwe Windows imaganiza kuti wotchiyo ili kale pa nthawi ya kwanuko. Popeza Malawi ili patsogolo pa UTC ndi maola 2, Windows imaonetsa nthawi yotsalira ndi maola omwewo. Mu Linux tsegulani Terminal, kawindo kolembamo malamulo, n'kulemba timedatectl set-local-rtc 1, kenaka mukonze nthawi kamodzi mu Windows, ndipo ziwirizo zigwirizana.

FUNSO: Ine ndikufuna zosiyana ndi anzanga. Ndikufuna kuyesa Windows 11 pa SSD yakunja ndisanachotse Windows 10, kuti ndione ngati pulogalamu yanga yowerengera ndalama igwire. Kodi n'zotheka? Mayi wa bizinesi, Blantyre.

YANKHO: N'zotheka, Mayi, ngakhale kuti Microsoft payokha siithandizanso njirayi. Pulogalamu yoikira Windows imakana disiki yolumikizidwa pa USB. Kale padali njira yovomerezeka yotchedwa Windows To Go, yomwe idabwera ndi Windows 8 mu 2012 n'kuchotsedwa mu 2020, koma Rufus idasungabe mwayi umenewu. Mukasankha fayilo ya ISO ya Windows 11 yotengedwa pa webusaiti ya Microsoft, pamalo olembedwa Image option musankhe Windows To Go. SSD yanu ikapanda kuoneka pamndandanda, yatsani List USB Hard Drives, ndipo dziwani kuti Rufus imabisa madisiki otere dala pofuna kuti munthu asafufute disiki yake yosungirapo zinthu mwangozi, kotero ina iliyonse ikhale yochotsa. Ikakufunsani ngati iletse Windows yatsopanoyo kufika pa madisiki a mkati, vomerani. Pa fulashi wamba musayese n'komwe, chifukwa kuchedwa kwake kungakutopetseni tsiku loyamba lomwe.

Popeza chomwe mukufuna kudziwa ndi cha pulogalamu imodzi, osati ngati Wi-Fi kapena pulinta zigwire, ganiziraninso za VirtualBox, yomwe imayendetsa Windows 11 m'kawindo mkati mwa Windows 10 yanu popanda kuyatsanso kompyuta kapena kukhudza kayakidwe kake. Windows 11 payokha imafuna RAM ya 4 GB, choncho laputopu yanu ikhale ndi 8 GB kapena kuposa apo kuti ziwirizo zigawane. Njira iliyonse yomwe musankhe, yeserani ndi kope la mabuku anu a ndalama, osati fayilo yomwe mukugwiritsa ntchito pa bizinesi, ndipo funsani kaye amene adakugulitsani pulogalamuyo ngati layisensi yanu imalola kuiika kachiwiri, chifukwa mapulogalamu ena amawerenga sisitimu yatsopano ngati kompyuta ina.